Muyeso Wachinayi

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri mwamunayo ankalemba masamu a chinthu chimene sanachionepo ndi maso. Ankati magetsi akamadutsa m'kachitsulo kopyapyala kuposa khoko la anyezi, maelekitironi, tinthu tosaoneka tonyamula magetsiwo, amagawikana: ozungulira mbali imodzi amaunjikana pamwamba, ozungulira mbali inayo pansi. Masamu akewo ankalosera kukula kwa miluyo. Mkazi wake ndiye ankayeza zitsulo zenizenizo ku labu, chipinda choyezeramo cha pansi pa nyumba yomweyo. Chikondi chawo chinayambira pa ntchito yomweyi, ndipo anzawo ankawaseka kuti wina amalota, wina amadzutsa.

Lachiwiri masana mkaziyo anakwera ku ofesi ya mwamuna wake ndi pepala limodzi. Anamupeza ataima pa bolodi, malaya ali mbuu ndi choko.

"Mwabwera opanda tiyi, mayi? Banja latha basi."

"Khalani pansi, bambo."

"Ndikakhala pansi masamu amandithawa."

Anamupatsa pepalalo. Mzere wa masamu unkakwera monyadira, koma timadontho ta muyeso tinagona pansi pake, tonse. Masamuwo ankayesa kuti chitsulo n'chosalala. Chenichenicho chinali ndi tizitunda, ndipo maelekitironi akagundapo ankaiwala mbali yozungulirira, mulu osakula.

"Mawaya anu ndi okhwepa," anatero mwamunayo, akuyesa kuseka. "Kayezeninso."

"Ndayeza kanayi."

"Koyamba liti?"

"Miyezi iwiri yapitayo."

"Miyezi iwiri! Tikudya limodzi, ine ndikubwebweta za masamuwa, inu mukungogwedeza mutu?"

"Ndinkapempha kuti wabodza akhale makina. Ndinasintha mawaya, ndinasintha chitsulo. Tsiku lina ndinafuna kuchotsa timadontho titatu kuti mzere wanu uoneke bwino. Dzanja linakana."

Mwamunayo anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Panja pa khonde wina ankakoka ndowa ya mopu.

"Zikomo dzanja limenelo," anatero motsitsa mawu. "Lembani zimene mwapeza. Nokha."

"Tinapangana kuti mayina athu adzaima pamodzi pamwamba pa lipotilo."

"Langa likhalamo ndithu. M'munsimu, pamene muzitchula munthu amene analakwitsa."

Mkaziyo anafuna kumugwira mkono, koma iye anali atatola kale chofufutira. Anayambira pansi pa bolodi, kufufuta mzere ndi mzere, fumbi likugwera pa nsapato. Pamwamba sanafikepo, phewa linkamuvuta chaka chimenecho. Anakoka mpando wogwedera wa mu ofesimo, ndipo mkaziyo, misozi ili chuchuchu, anaugwira zolimba kuti akwerepo.