Mbewu Yogonera

Ku Sadzi, ku Zomba, mukafunsa kuti kwa a Japhet ndi kuti, munthu amayamba wakufunsani kuti, "Ati? A mapepala aja?" Kenako amakulozerani kanyumba ka malata ofiira komwe pakhonde pake pamakhala patayanikidwa mapepala ngati matewera a khanda. Bambowa anagwira ntchito ya zankhalango kuphiri zaka makumi atatu, kudzala paini ndi kuthamangitsana ndi moto wolusa. Atapuma pantchito, anzawo ena anagwira bawo, ena anagwira botolo, iwo anagwira sizasi.

Pepala ankapanga okha. Ankang'amba nyuzipepala zakale ndi makope otha, kuziviika m'beseni, kuzisinja mumtondo mpaka zisanduke phala, kenako n'kutunga phalalo ndi kasefa ka waya wa pawindo. Pepala likauma ankamatapo makungwa a nthochi, masamba a paini ndi timaluwa ta kuphiri, guluu wake phala la chinangwa. Sankachitira malonda ayi, kunali kukonda chabe. Kukhale ukwati, ubatizo kapena mwana wa aneba wachira malungo, khadi la a Japhet linkafika ndithu.

Koma Mulungu sapatsa zonse. Manja anawapatsa okoma, pakamwa n'kuwapatsa pakuthwa ngati chikwanje. Mawu abwino a bambowa ankatulukira pa pepala pokha. Akazi awo, a Ellah, amene aliyense ankawatcha amake Norah, anali asanamvepo mawu oti pepani kuchokera pakamwa pa amuna awo. A Japhet akalakwa, m'mawa mwake pa chitini cha ufa pankapezeka khadi. A Ellah anali ndi katoni yodzaza, ndiye werengani nokha kuti analakwiridwa kangati.

Chaka chimenecho a Ellah, ali ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi, ankakonzekera mayeso a Fomu 4. Sukulu anaisiyira panjira kalekale atayembekezera Norah, ndipo wowasiyitsa sanali wina ayi, anali a Japhet omwewa, nthawi imeneyo ali ndi tsitsi. Norah atakula n'kupita kukagwira unamwino ku Mzuzu, mayiwa anagula makope n'kukalembetsa kusukulu ya madzulo, ija amati naiti ngakhale imayamba dzuwa likuswa mtengo. Zaka ziwiri zathunthu anakhala pa desiki limodzi ndi ana oti akanawabereka okha, osajomba ngakhale tsiku limodzi.

Nkhani inavuta Lachiwiri, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti mayeso ayambe. A Ellah anali pamkeka, kope la zaulimi lili pamwendo, akuloweza uku akupeta mbewu ya mpiru yomwe anaipeza m'botolo kuseri kwa kabati. A Stambuli, mnzawo wa a Japhet wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu wa kuphiri, anali atabwera kudzacheza.

"Amake Norah, mpiru umenewo ndi wa liti?" anafunsa a Japhet, maso ali pa sizasi.

"Wa chaka chija Norah anamaliza kozi. Zaka zitatu."

"Aaa, tayani zimenezo. Mbewu yogonera siimera." Akanalekera pomwepo bwenzi kuli mtendere, koma lilime linali litayamba kale kuyabwa. "N'chimodzimodzi mitu ina, a Stambuli. Imvi zili mbuu, koma ati tikalemba mayeso!"

Anaseka okha. A Stambuli anayamba kuyang'ana nsapato zawo ngati aziona koyamba. A Ellah anatseka kope mwakachetechete, anakhuthulira mbewu ija nkhuku, n'kupachika lichero pa msomali. Mlendo atapita, anatenga mabuku onse ndi chiphaso cholowera m'mayeso n'kuzitsekera m'sutikesi.

"Sindikalemba," anatero. "Ana a m'kalasi akandiseka ndimapirira. A kumpingo akanong'onezana ndimapirira. Koma m'nyumba mwanga momwe, pamaso pa mlendo? Mwandipweteka, bambo a Norah."

 A Japhet mtima unawawawa, chifukwa kunena zoona ankanyadira akazi awo koopsa, moti kuphiri konse anali atalengeza kale kuti kwawo kutuluka satifiketi. Koma kuti zimenezo azinene kwa mwini wake, zinkawakanika.

M'mawa mwake anakwera kuphiri kukathyola maluwa. Anawapeza a Stambuli pa benchi lawo akukonza timilu ta sitiroberi ndi magalagadeya, nkhungu ikuyamba kutsika m'mapaini.

"Achimwene, dzulo munandidyetsa manyazi," anatero a Stambuli moni asanathe. "Madzi akatayika saoleka. Mlamu akapanda kulemba mayeso amenewa, mlandu ndi wanu mpaka kumanda. Pitani mukanene pepani. Ndi mawu amodzi okha, salipiritsa msonkho."

"Ndipanga khadi."

"Khadi, khadi! Bola mukanagula la sakisesi la m'sitolo, lija ukatsegula limaimba. Lingakuyankhulireni poti inu pakamwa panamatidwa."

"La batire? Ine?" A Japhet anachita kugwira pachifuwa. "Munthu wa manja awiri n'kukagula khadi lolira ngati udzudzu? A Stambuli, mundilemekeze."

Paja ku Zomba nyengo ya mayeso ndi nyengo ya makhadi a sakisesi. Mwana aliyense wolemba amalandira ake, owafunira mafuno abwino, n'kumawerengetserana ndi anzake kuti wakondedwa kwambiri ndani. A Ellah anali asanalandire ngakhale limodzi. Ndani angaganize zotumizira sakisesi mayi wa Mvano?

Lachinayi a Ellah anavala yunifomu yawo ya Mvano n'kupita kukapemphera ku Chinamwali, osatsanzika. Atangokhota pa ngodya, a Japhet anagwira munsi. Anasinja phala losalala kuposa masiku onse, n'kutunga pepala lochindikala bwino. Koma chiperoni chinali chitafika, kamvula kowaza kaja kosadziwa kusiya, ndipo thabwa lawo loyanikira linali panja litanyowa chee. Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa lichero lija pa msomali. Anayala pepala lonyowalo m'licheromo, kulidinikiza ndi chikhatho, n'kuliika pafupi ndi mbaula.

Polimatula anaona kuti kwamatirira timadontho takuda ponseponse. "Ehe, lachita kukongola ngati nkhanga," anadziyamikira, osafunsa kuti timadonthoto tachokera kuti. Munthu woti anadzala mitengo zaka makumi atatu, abale!

Pepala linali lisanaumitsitse, koma nthawi inali itatha. Anadula makungwa a nthochi n'kupanga mayi woimirira atanyamula buku pachifuwa, kumbuyo kwake phiri la masamba a paini. M'kati analemba ndi inki mawu onse omwe anakanika kutuluka pakamwa, mizere isanu ndi itatu. Akumaliza mzere womaliza anamva geti likulira. Mwamsangamsanga analowetsa khadi m'jumbo ya shuga, kukwera pa mpando, n'kulisomeka paphaso la kukhitchini, pamwamba penipeni pa mbaula.

Ankati alitulutsa mawa kuti liume. Koma Lachisanu a Ellah anakhala m'khitchini momwemo tsiku lonse akuotha moto, Loweruka chimodzimodzi, akusoka nsalu yosang'ambika n'komwe. Chakudya ankaphika, madzi osamba ankatenthetsa, koma mawu awo anali awiri basi, eya ndi ayi. Nyumba yomwe inazolowera phokoso la munthu woloweza inangoti zii, ndipo a Japhet anayamba kulisowa phokoso lomwe ankalidandaula lija. Lamulungu atabwera kutchalitchi mpata unalipo, koma mantha anawagwira. Anadzinamiza kuti sakisesi imakoma pa tsiku lake.

Lolemba kunacha. Mayeso ankayamba eyiti koloko, ndipo pofika hafu sikisi ana a mayunifomu anali akudutsa kale mumsewu, marula ali m'manja. A Ellah anali m'chitenje chakale akusesa pakhomo ngati tsiku wamba. A Japhet anaona kuti akachedwanso, zaka ziwiri za mayiwa zipita m'madzi chifukwa cha nthabwala yawo yopusa. Anakwera pa mpando, kusolola jumbo ija, n'kupita nayo panja osaitsegula n'komwe. Anaipereka ndi manja awiri.

"Talandirani, amake Norah."

"Ikani pa chitini cha ufa. Si ndiye positi ofesi yanu?"

"Ili ndi lapamanja."

A Ellah anatsamiritsa tsache kukhoma, n'kusolola khadi lija. 

Khadi linali litamera. Timizu toyera tinali titaluka pepala lonse, ndipo timitengo tanthete ta masamba awiriawiri tinali titadzuka paliponse: paphiri, pabuku, m'mbali monse. Pamutu pa mayi wa makungwa uja ndiye panachita kuwirira, ngati munthu amene sanapese mwezi wathunthu.

"Mayo ine," a Japhet ananong'ona. "Andilodza."

A Ellah anabweretsa khadi pafupi ndi maso, n'kutsina katsamba kamodzi n'kukanunkhiza. "Munaliyanika pati pepalali?"

"M'lichero."

"Lichero langa lija ndinapetera mpiru?"

"Lomwelo."

"Ndiye mwaliika lonyowa m'jumbo, jumbo yake yobooka, n'kukalisomeka pamwamba pa mbaula." Mayiwa anayamba kuwerenga ndi zala, mawu akutuluka okha ngati ali m'kalasi. "Chinyontho. Mpweya. Kutenthera. Zinthu zitatu zofunika kuti mbewu imere. Kuwala sikufunika poyamba, n'chifukwa chake masambawa ali achikasu. Palibe wakulodzani apa, bambo, mwachita kulima nokha."

"Mwakhoza," anatero a Japhet ndi mawu aang'ono. "Zonse mwakhoza."

"Ndipo mbewu yake ndi iti? Tanenani, akatswiri a zankhalango."

"Yogonera ija."

Apo a Ellah analephera kudzigwira. Anayamba ndi mapewa kugwedezeka, kenako chikhakhali chinaphulika, cha masiku asanu ndi limodzi chosungidwa, mpaka anakhala pansi pakhonde misozi ili mbwembwembwe. Aneba anasuzumira pampanda. A Japhet nawo anayamba kuseka mwamanyazi, akuganiza kuti mlandu watha.

Unali usanathe. A Ellah anapukuta maso ndi chitenje n'kutsegula m'kati mwa khadi. Inki inali itasungunuka ndi chinyontho, mizu n'kudya zotsalazo. Pa mizere isanu ndi itatu ija panatsala mawu amodzi okha owerengeka, pamwamba penipeni: Amake.

"Apa munalemba chiyani?"

"Zambiri."

"Sizikuwerengeka."

"Ndikupangirani lina. Lero lomwe, louma bwino."

"Ayi. Makhadi ndili nawo katoni yonse." Mayiwa anasiya kuseka, n'kuwayang'ana amuna awo m'maso. "Analemba ndinu, mukuzidziwa. Nenani ndi pakamwa pomwe munanenera zija."

A Japhet anayang'ana kuphiri, koma phiri linali litabisala m'nkhungu. Anayang'ana manja awo, koma m'manjamo munalibe sizasi. Anakhosomola, anavula chipewa, n'kukhala pansi pakhonde pafupi ndi akazi awo, mawondo akulira.

"Ndinalemba kuti pepani," anayamba. "Ndinalakwa, Ellah. Sukulu ndinakusiyitsani ndine muli mtsikana, ndiye lero ndikusiyitseninso kachiwiri? Ndinalemba kuti ndimakunyadirani. Kuphiri konse akudziwa, afunseni a Stambuli, ndinawatopetsa nazo. Inu nokha ndi amene sindinakuuzeni. Pitani mukalembe, chonde."

 A Ellah dzina lawo lenileni anali asanalimve pakamwa pamenepo chibadwire Norah.

"Imeneyo ndi mizere isanu ndi itatu?"

"Ina ndaiwala."

"Mudzaikumbukira madzulo. Nthawi ili bwanji?"

"Seveni yadutsa."

"Mayo! Ndiye mwangokhala pamenepo? Itanani kabaza!"

Zinatsatirazo zinali chipwirikiti. Sutikesi inatsegulidwa, chiphaso chinapezeka pansi pa mabuku, nsapato imodzi inasowa n'kupezeka kuseri kwa chitseko. A Japhet anathamanga kumsewu opanda chipewa, akukuwira wanjinga ngati kwabuka moto m'nkhalango. A Ellah anatuluka atavala siketi yabuluu ndi juzi, zolembera zili m'manja, khadi lija atalinyamula mosamala pachikhatho ngati mwanapiye.

"Ili lisalowe m'katoni," anatero akukwera njinga. "Mutenge beseni lobooka lili kuseri kwa nyumba, muthiremo dothi ndi manyowa, muliyale pamwamba. Muzithirira m'mawa ndi madzulo. Mpiru umenewu tidya, ndipo mudzayamba kulawa ndinu."

Wakabaza anapalasa. A Japhet anaima pamsewu mpaka juzi ija inazimirira pakati pa mayunifomu a ana. Kenako anabwerera kunyumba, anadzaza beseni ndi dothi, n'kuyalamo khadi lawo lokongola kuposa onse amene anapangapo. Munthu amene zaka zonsezi ankathamanga kukaanula mapepala kukangochita mdima wa mvula, tsiku limenelo anatunga madzi m'kapu n'kuthirira khadi ndi manja ake, pang'onopang'ono kuti mayi wa makungwa uja asagwe. Akuthirira choncho milomo inkagwedera. Ankayeserera mizere itatu yotsala ija, kuti madzulo asadzakakamire.