Dzanja la Rosemary

Rosemary anabadwa wosamva, ndipo maso anayamba kuchita khungu atabereka Memory. Pofika chaka chatha sankaonanso ngakhale kuwala kwa dzuwa. Zilembo anaziphunzira kusukulu ali mtsikana, choncho ankalankhula polemba ndi chala m'dzanja la munthu. Chichokereni bambo a mwanayo kupita ku esiteti ya fodya osabweranso, pamudzi ponse ku Nsaru kuja amene ankatha kumva zalazo anali mlongo wake Goliati yekha.

Tsiku lina m'nyengo yokolola, Memory anasowa. Rosemary anapapasa m'nyumba monse, kenako anakagwira Goliati. Iye anamulembera m'dzanja kuti mwana wapita kukacheza ku Kasiya. Kumpingo anakanena zina: akuti Rosemary wapempha yekha kuti mwana akakhale kwa msuweni wawo azikalera khanda, popeza mayi wosaona sangasamale mwana. Sukulu ya Memory inathera pomwepo.

Masabata anadutsa. Rosemary ankalemba mokanda mpaka dzanja la Goliati kutuluka magazi, iye n'kumauza anthu kuti mlongo wake akudandaula mutu.

Kenako kunabwera mayi wina wa bungwe la anthu olumala, dzina lake Nancy, atatenga golovesi yakuda ya mawaya. Anafotokoza kuti ikuyesedwa kumene. Munthu akalemba chilembo pachikhatho chake, foni imatchula mawuwo, ndipo wina akalemba pafoni, golovesiyo imanjenjemera motsata zilembozo. Anakhala pakhonde la tchalitchi, amayi a chigwirizano atazungulira. Goliati naye anabwera atavala jekete, akuti kudzathandiza.

Nancy anaveka Rosemary golovesiyo n'kulemba moni pafoni. Rosemary anadzidzimuka, kenako chala chake chinayamba kuthamanga pagolovesi. Foni inangotchula zosamveka ndipo amayi ena anaseka. Goliati anati mlongo wake akuthokoza alendo.

Nancy anamulembera kuti achepetse liwiro. Rosemary anapumira m'mwamba, n'kuyamba kudinda chilembo chimodzichimodzi ngati akukumba nthaka youma. Foni inalankhula ndi mawu ozizira a mkazi.

"Mwana wanga ali kuti."

Kuseka kunatha. Goliati anati makina obwerawa sadziwa Chichewa, mlongo wake anavomera yekha, ndipo amayi onsewa ndi mboni. Nancy anangolemba mawuwo pafoni monga momwe Goliati anawanenera, Rosemary n'kuwamva m'dzanja mpaka kumapeto. Anaimirira, mawaya akulendewera pamkono.

"Sindinavomere. Goliati ndi wabodza. Amadya mawu anga."

Anabwereza, n'kubwerezanso, mpaka Nancy anamugwira phewa.

Mayi Ezeliya, mtsogoleri wa chigwirizano, ndi amene anapempherera ulendo wa Memory tsiku lonyamuka, ndiye nkhope yawo inachita kuda. Anafunsa Goliati kuti ndi zingati zina zimene anawauza m'dzina la mlongo wake. Goliati anakweza mawu. Anati ankangofuna kuthandiza, ndipo zaka zonsezi palibe ngakhale mmodzi wa iwo amene anayesapo kugwira dzanja la Rosemary kuti aphunzire, ndiye lero ati amuweruze. Amayi ambiri anazolika. Komabe Mayi Ezeliya anamuuza kuti akatenge mwanayo, apo ayi nkhani ipita kwa akulu a mpingo.

Memory anafika Loweruka pa kabaza, atawonda. Rosemary anamupapasa kumaso, m'khosi, m'mikono, ndipo pafupi ndi chigongono anapeza chipsera cha moto. Nancy anali atapita kale ndi golovesi, popeza inalipo imodzi yokha ndipo ku Kabudula kunali munthu wina woiyembekezera. Rosemary ankafuna kufunsa amene anawotcha mwana wake. Goliati anatambasula dzanja monga mwa masiku onse. Rosemary analikankha mwamphamvu, anakhala pansi mwana ali pamiyendo, n'kukuwa mpaka anthu a pachigayo anamva.