Manja a Wowotcherera Zitsulo

Bambo anga anali owotcherera zitsulo. Manja awo anali okhakhala, odzaza zipsera za moto, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kumsewu ngakhale makina akulira. Amayi atamwalira, bambo ndi amene ankamuluka tsitsi mlongo wanga. Lamlungu m'mawa ankatseka chitseko n'kukhala pampando wa m'khitchini, mwana ali pansi pakati pa miyendo yawo, chipeso ataluma kukamwa. Ankaluka pang'onopang'ono, akung'ung'udza kanyimbo kopanda mutu. Munthu akagogoda, chipeso chinkalowa m'thumba.

Nditakula n'kukhala wojambula ndi penti, ndinapatsidwa holo ina m'tauni kuti ndionetse zithunzi zanga. Zonse zinali za amuna amene ndinakulira pakati pawo: ometa, oyendetsa malole, amalume ali mtulo pasofa. Chachikulu chinali cha bambo akuluka tsitsi. Za chithunzichi sindinawauze.

Tsiku lachionetserocho bambo anabwera atavala jekete ya paukwati wawo, yothina m'mapewa, limodzi ndi mnzawo wa kuntchito, mkulu wa ndevu zoyera. Atafika pachithunzicho anaima chilili.

"Iwe," anatero bambo osandiyang'ana, "zimenezi unkazionera kuti?"

"Pansi pa tebulo, bambo."

Mnzawo uja anaphulika kuseka. "Achimwene, kani nanunso? Ine ndinkachita kutseka makatani! Wanga ankapita kusukulu mizere italoza uku ndi uku."

"Yanga inkawongoka," anayankha bambo. Anayandikira n'kuloza ndi chala. "Apa wanama. Ine sindinakhotetsepo mzere."

Mlongo wanga, amene tsopano anali ndi ana akeake, anawagwira paphewa. "Koma munkakoka, bambo. Ndinkalira."

"Unkalira chifukwa sunkakhazikika."

Tonse tinaseka, koma iwo anasiya msanga. Anayang'anitsitsa manja a m'chithunzimo, kenako anati chapansipansi, "Amayi anu ankamaliza mutu wonse madzi a tiyi asanawire. Ine ndinkangoyesa."

Tsiku limenelo zithunzi zinazo sanazione n'komwe. Anakoka mpando, kuvula jekete, n'kukhala pambali pa chithunzi chawo mpaka nthawi yotseka. Aliyense woima pamenepo ankamukodola.

"Wajambula ndi mwana wanga," ankatero. "Wolukidwayo ndi uyo, wavala zobiriwirayo. Pitani mukamufunse ngati anasekedwapo kusukulu."