Benchi ya pa Chomwera

Mlonda wa pageti atangoona Mzime anavula chipewa, n'kumugwira manja onse awiri.

"Pepani mwanangu, pepani. Madala aja atisiya manja ali m'khosi." Kenako anacheukira Chisamba. "Nanga awa ndi anzanu?"

"Ndi achemwali anga, oyamba kubadwa."

"Aa! Ine ndimayesa mwana ndi inu nokha."

Chisamba anaseka, koma kuseka kwa mano okha. Ati anzanu! Iye amene ankawasambitsa bambo, kuwatembenuza pabedi, kuwachapira zofunda mpaka manja kusupuka, lero wasanduka anzanu. Mzime yekha ankangotulukira Loweruka, atadzola zonunkhira, n'kuwatenga bambo ali ndi mphamvu kubwera nawo kunkhalango ino ya pakati pa mzinda. Akabwerako ankaseka awiriwiri nkhani za apusi, iye ali kubafa ndi beseni. Nsanje inamugwira, ndipo sanafune n'komwe kuibisa.

Anabwera kudzabweza kiyi. Bambo atapuma ntchito anadzipereka kumathira madzi m'chomwera cha nyama nyengo yadzuwa, ndipo kiyi wa mpopiwo anapezeka m'thumba la jekete lawo pogawa zovala. Mzime anati sangapite yekha. Chisamba anavomera pofuna kuona ndi maso ake chimene chinkamulanda bambo ake.

"Kathireniko komaliza," anatero mlondayo, akumubwezera Mzime kiyi uja. "Njira mukuidziwa."

Analowa m'kanjira ka masamba ouma. Phokoso la magalimoto linatsalira kumpanda. Mzime ankayenda patsogolo ngati mwini munda, akuloza uku ndi uku.

"Mtengo uwu bambo ankati ndi mnzawo. Apo, taonani, apusi! Uyo wodula mchira ankawalanda mpango."

"Ndaona. Pusi ndi pusi."

"Nkhanga zimadutsa apa. Tikakhala chete mwina tiona gwape."

"Iwe, sindinabwere kusukulu."

Mzime anangopitiriza kuyenda. Anafika pachomwera, kadziwe ka simenti kouma gwa, pafupi ndi benchi yathabwa. Anatsegula mpopi mwachizolowezi, osayang'ana n'komwe pamene kiyi akulowa, ndipo ichonso chinamupweteka Chisamba.

"Wadziwa zambiri," anatero. "Nanga mankhwala awo a m'mawa anali amtundu wanji? Tanena, poti ndiwe mwana wawo."

"Achemwali, musatero."

"Nditero! Ine ankandiitana akafuna madzi, akafuna kutembenuzidwa. Iwe ankakuitana akafuna kuseka. Anthu akunja sakudziwa n'komwe kuti ndilipo. Zaka zonsezi ndinali wantchito chabe m'nyumba muja?"

Mawu ake anakwera mpaka mbalame zinathawa mumtengo. Anapita kuti akhale pabenchi paja, chakumanzere.

"Osati apo," anatero Mzime msangamsanga. "Apo mpanga."

"Ha! Ndi benchi yomwe uli ndi pako?"

"Ndili napo, ee. Kumapeto, pamene pali msomali wokola chitenje." Mzime anatseka mpopi, ndipo atatembenuka nkhope yake inali itasintha. Sinalinso ya mwana wofatsa uja. "Bambo ankakhala pakati. Kumanja uko, kumene kuli mthunzi, sanandilolepo ngakhale tsiku limodzi. Dzuwa liwambe bwanji, ine kumsomali. Ndikasendera ankandikoka mkono, amvekere, 'Apo mpa akulu ako, mwina lero atitsatira.'"

Chisamba anayang'ana mbali ya mthunzi ija.

"Munkawayankha chiyani akakuitanani? 'Pitani, ine ndili ndi zochapa.' Iwo n'kumacheukira kunjira uko mpaka tinyamuke. Ine ndikuwaonetsa gwape, iwo maso kunjira. Mukuti nsanje mumaidziwa inu? Ndakhala ndikudana ndi thabwa ili, achemwali. Thabwa lopanda munthu linkandiposa ine amene ndinalipo."

Zinalidi zoona, ankamuitana. Loweruka lililonse ankaima pakhomo la bafa ndi ndodo yawo, iye n'kuwayankha osadzutsa mutu. Ankayesa amangonena mwamwambo.

Madzi anadekha m'chomwera. Patsidya, m'tchire, munatuluka gwape wamng'ono, makutu ali njo, naponda pang'onopang'ono ngati pansi pakutentha. Palibe mwa awiriwo amene anamulabadira.

Mzime anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Anaweramira kumanja kwa benchi, nachotsa masamba ouma limodzilimodzi. Kenako anakoka mkono wa juzi yake, n'kupukuta fumbi pathabwapo, kupita uku, kubwerera uku, n'kupuzira mpweya.

"Ankatero asanakhale iwo," anatero. "Khalanitu."

Chisamba anakhala. Mzime anapita kumsomali kwake. Pakati anasiyapo mpata wa munthu mmodzi.