Tisheti ya Bungwe

Patsiku lachisanu ndi chinayi chitsekeredwe mwamuna wake, Make Mapasa anaganiza zopita kubungwe loona za ufulu wa anthu. Mwamunayo anali wometa tsitsi, ndipo mlandu wake unali wakuti mbava ina pothawa apolisi inalowa m'shopu mwake n'kukhala pampando ngati kasitomala. Apolisi atafika anatenga onse awiri, wometa ndi wometedwa. Mbava inatuluka mawa lake, poti inali ndi abale odziwa kuyankhula. Wometa anatsala m'chitolokosi, kukhoti osapita. Munthuyo anali wa mphumu, ndipo kampope kake kopumira kanali kadakali m'chikwama cha mkazi wake chifukwa wapolisi wa pakauntala ankakana kukalandira.

Masiku onsewo Make Mapasa ankaswera pabenchi panja pa polisi pamodzi ndi mayi wina wogulitsa makala, amene mwana wake anali momwemo sabata yachitatu. Anali mayi wamakalayo amene anamuuza kuti, "Pitani kubungwe kuja, asisi. Pawailesi amalalata bwino."

Ofesi ya bungwe inali yozizira ngati m'firiji. Pakhoma panali zithunzi za anthu osauka akumwetulira, aliyense atanyamula ndowa yatsopano. Mtsikana wolandira alendo anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Mwabwera ngati wozunzidwa kapena ngati wogwira nafe ntchito?"

"Amuna anga atsekeredwa, ndipo akubanika."

Anamutumiza kwa bwana woona za amayi, mayi wa magalasi amene anamulandira ndi manja awiri n'kutsegula kope.

"Amuna anuwo amakumenyani?"

"Ayi."

"Ngakhale kukutukwanani? Ganizani bwino, muno ndinu omasuka."

"Ayi ndithu, ndi munthu wofatsa."

Bwanayo anatseka kope mokhumudwa. "Ndiye zavutatu, mayi. Pulojekiti yathu sifika kumeneko. Yesani chitseko chachiwiri."

Kuchitseko chachiwiri kunali bambo woona za akaidi, akulongedza mapepala m'chikwama. Anamvetsera ndi khutu limodzi.

"Anawagamula?"

"Ngakhale kukhoti sanapite."

"Ndiye si mkaidi ameneyo. Akawagamula mudzabwere, tidzawapatsa bulangete ndi sopo. Timagawa bwino kwambiri."

Make Mapasa anatuluka mtima ukuwawa, misozi ili m'maso. Ali pakhonde anamva wina akumugwira mkono. Anali wojambula zithunzi wa bungwelo, thukuta lili kamukamu.

"Mayi, Mulungu wakutumani! Otithandiza akunja amafuna amayi azikwana theka pachithunzi, ndiye tapereweredwa mmodzi. Tavalani iyi."

Asanayankhe anali atamuveka tisheti yoyera pamwamba pa bulauzi, yolembedwa pachifuwa kuti UFULU NDI WA ALIYENSE, ndi chizindikiro cha bungwe kumsana. Anamuimika pakati pa mabwana aja.

"Kwezani chibakera! Mwetulirani ngati munthu womasulidwa!"

Chithunzi chitatha, onse anathamangira m'magalimoto. Ankapita kuhotela ku msonkhano wa masiku atatu wokambirana za kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Bambo wa akaidi uja anatsitsa galasi n'kunena, "Musadandaule, nkhani ngati zanuzo ndi zimene tikukakambirana."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Make Mapasa anabwerera kupolisi wapansi, ali ndi mkwiyo woti anaiwala n'zovula tisheti ija. Sanakhale pabenchi. Analowa molunjika n'kuika kampope pakauntala mwamphamvu.

Wapolisi yemwe uja, amene kwa masiku asanu ndi anayi ankamuthamangitsa ngati nkhuku, anaona chifuwa asanaone nkhope. Anaimirira, n'kukonza lamba.

"Takulandirani, madamu. Simunatidziwitse kuti mukubwera. Muli nokha, kapena atolankhani ali m'mbuyo?"

Make Mapasa anadziyang'ana pachifuwa. Pakamwa panayankha pokha.

"Ali m'njira. Ndikufuna wometa tsitsi amene mwamusunga kuno masiku asanu ndi anayi."

"Wometa? Aa, ameneyo timati timutulutse lero lomwe! Mapepala ake anangosokonekera. Khalani pampando, madamu."

Sipanathe mphindi khumi. Wapolisiyo anatuluka ndi wometa uja atamugwirira m'khwapa, milomo itauma, chifuwa chikulira ngati mluzu. Make Mapasa anamuika kampope kukamwa, mwamunayo n'kukoka mpweya kawiri, katatu. Atayamba kuona bwino anatsegula pakamwa kuti amuitane mkazi wake, koma iye anamutsina pamkono.

"Bambo, tiyeni kunja. Bungwe likufuna kukufunsani mafunso."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Wometa anakhala pamwala akupuma, akuyang'ana mkazi wake ngati mlendo. "Make Mapasa, mwayamba liti ntchito kumeneko?"

"Lero. Ndipo ndikusiya pompano."

Mayi wamakala anali adakali pabenchi, kambale ka chakudya cha mwana wake kali pamiyendo. Anaona zonse, ndipo anafunsa motsitsa mawu, "Akuthandizanitu, asisi. Munaonana ndi ndani kumeneko? Mwina nane ndipite."

Make Mapasa anamukokera kuseri kwa mpanda. Anavula tisheti ija, anaikutumula, n'kumuveka mnzakeyo. Anamupukuta makala m'manja ndi nsonga ya nsalu yake, namuwongola mapewa.

"Musavutike ulendo, bungwe lonse ndi limeneli. Dikirani asinthane pakauntala, ndiye mulowe osagogoda, osapereka moni. Akafunsa za atolankhani, muziti ali m'njira."

Mayiyo anasisita zilembo za pachifuwa ndi chala. "Nanga ndikamaliza ndikabweze kuofesi?"

Make Mapasa anasuzumira pabenchi. Panali patakhala kale amayi ena atatu ndi bambo wachikulire mmodzi, aliyense ndi kambale kake.

"Mupatse wotsatira. Koma pochapa musamafikise kwambiri, zilembozo zingafufutike."