Zelesi Anakana Kudikira Ululu

Zelesi anakapeza kachotupako Lachitatu masana, akusamba pochokera ku Kitsiyatota komwe ankasefa dothi la golide ndi amayi anzake. Kanali m'bere lakumanzere chakufupi ndi kukhwapa, kolimba ngati njere ya chimanga. Anakadina, koma sikanapweteke. Patatha milungu iwiri kanali kadakalipo, ndipo anauza mwamuna wake Langton, yemwe ankakumba m'maenje a komweko.

"Kakupweteka?" anafunsa Langton uku akuvula nsapato zamatope. Ankamuitana Mai Chido, potengera dzina la mwana wawo woyamba.

"Ayi."

"Ndiye vuto lili pati, Mai Chido? Mumasenza matumba tsiku lonse. Ndi minofu imeneyo."

Lamlungu kunabwera Moreblessing, mchemwali wa Langton, atanyamula kabotolo ka mafuta opemphereredwa.

"Muroora, mlamu wanga, ichi n'choponyedwa ndi afiti," anatero. "Anzanu osefa nawo aja akukuchitirani nsanje. Kuchipatala musayerekeze. Mpeni ukangokhudza bere, matenda amathamangira thupi lonse. Mwaiwala mkazi wa Gideoni? Anapita ku Harare akuyenda yekha, anabwera m'bokosi."

Zelesi analipo pamaliro amenewo, ndipo atawakumbukira mantha anamugwira. Anadzola mafutawo mlungu wathunthu. Kachotupa sikanasunthe.

Tsiku lina m'mawa anakumana pamjigo ndi Jestina, mayi woyandikana naye nyumba amenenso anali mlangizi wa zaumoyo m'deralo. Zelesi anamunong'oneza nkhaniyo. Jestina anasiya ndowa pomwepo, namugwira dzanja mpaka m'nyumba mwake. Atatseka chitseko anamasula mabatani a bulauzi, natulutsa kansalu kopindapinda. Pomwe panayenera kukhala bere panali chipsera chachitali, chopola bwino.

"Maiwe!" Zelesi anagwira pakamwa.

"Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano," anatero Jestina. "Paja ndinkati ndikudwazika amayi ku Madziwa, ndinali m'chipatala. Ndinabisa chifukwa cha manyazi, ndipo ndinalakwa. Mkazi wa Gideoni ndinamuchonderera chaka chathunthu, koma chipsera changa sindinamuonetse. Anapita bere litaphulika kale chilonda. Sunamuphe mpeni, Mai Chido. Kunamupha kuchedwa."

"Koma changachi sichikupweteka."

"Changanso sichinkapweteka. Khansa ya m'bere nthawi zambiri imayamba mwakachetechete. Zotupa zambiri si khansa, mwina chanunso si khansa. Koma zala zanu, zanga, kapena za mneneri sizingadziwe. Kapimitseni."

Madzulo a tsikulo Zelesi anauza Langton ndi Moreblessing kuti mawa akupita kukiliniki. Moreblessing anaimirira.

"Ndiye kuti pemphero mwalinyoza? Mchimwene wanga sanakwatire mkazi wa bere limodzi!"

Zelesi anali asanawayankhepo alamu akewo chilowere m'banjamo. Tsiku limenelo anayankha.

"Tete, alamu anga, mafuta anu ndadzola. Kupemphera sindisiya, ndikapemphera ndili pamzere wa kukiliniki. Mabere awa ayamwitsa ana atatu a m'banja lanu, ndipo palibe anandifunsa ngati akupweteka." Anatembenukira kwa mwamuna wake. "Baba Chido, musankhe nokha. Mukufuna mkazi wa bere limodzi pakhomo pano, kapena wa mabere awiri kumanda?"

Langton anangoyang'ana pansi. M'mawa mwake analawirira kumaenje osatsanzika.

Zelesi anapita ndi Jestina. Namwino anamupima mabere onse awiri ndi m'khwapa, namulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Bindura. Kumeneko anamutumiza ku Harare, komwe anatenga kanyama kakang'ono ka m'chotupacho kuti akaunike. Zotsatira zitatuluka, dokotala sanazungulire.

"Ndi khansa, mayi. Koma mwabwera nthawi yabwino, sinafalikire. Tichotsa bere, kenako mulandira mankhwala."

Zelesi analira m'kombi, minibasi imene anakwera, njira yonse yobwerera. Atafika kunyumba anamuuza Langton monga momwe dokotala ananenera. Langton anafunsa, "Akuti tipite liti?" Tsiku la opaleshoni ndi iye amene ananyamula chikwama.

Miyezi yotsatira inali yowawa. Mankhwala ankamusanzitsa, tsitsi linathothoka, ndipo ena mumsewu ankanong'onezana kuti matenda otere ndi chilango. Moreblessing anasiya kubwera. Koma amayi a ku Kitsiyatota, omwe aja ankanenedwa kuti ndi ansanje, anagawana masiku. Wina ankatunga madzi, wina kuchapa, wina kumuperekeza ku Harare tsiku la mankhwala. Malo ake osefera anamusungira, ndipo mwamuna wina atafuna kuwalanda, anamuthamangitsa ndi mabeseni.

Atapeza mphamvu, Zelesi anauza Jestina, "Kubisa kwanu kuja kuthere pomwepa. Ine sindibisa." Awiriwo anapita kukiliniki kukapempha kuti namwino abwere ku Kitsiyatota, chifukwa amayi osefa sasiya ntchito kukaima pamzere ngati palibe chikuwapweteka. Akukiliniki anawauza kuti anamwino ndi ochepa. Anabwereranso kachiwiri, kachitatu, mpaka tsiku linapezeka.

Namwino anabwera Loweruka. Amayi anamanga chimpanda cha masaka ndi mapulasitiki kuti opimidwa asaonekere. Koma anthu anangoima patali, aliyense akudikira mnzake. Mkorokoza wina, mmodzi wa okumba golide m'maenje aja, anakuwa ali pamulu wa dothi, "Lero kuli kuonetsa mabere kwaulere!" Anzake anaseka.

Zelesi anakwera pa mwala, navula duku. Tsitsi linali litangoyamba kumera.

"Sekani, achimwene, mukamaliza mukaitane akazi anu!" anatero mokweza. "Amayi, ndiyang'aneni. Ndine yemwe uja munkati akufa. Bere limodzi linapita, ine ndilipo, ndipo Lolemba ndikuyambiranso kusefa."

Jestina anaima pambali pake, ndipo kwa nthawi yoyamba ananena pagulu za chipsera chake. Kenaka anawaonetsa kudzipima: kamodzi pamwezi, masiku ochepa msambo utatha, kuyendetsa zala mozungulira bere lonse mpaka m'khwapa. Anati chotupa, nsonga ya bere yolowa mkati, magazi kapena madzi otuluka kunsonga, khungu lokwinyika ngati khoko la lalanje, zonsezi n'zofunika kuonetsa namwino msanga. Anawonjezera kuti nawonso amuna, ngakhale si kawirikawiri, amadwala khansa imeneyi. Pamulu paja kuseka kunatha.

Langton anabwera ndi benchi kuchokera kunyumba, naliika pakhomo pa chimpandacho. Mayi wina wachikulire anatula beseni lake n'kukhalapo. Ena anatsatira. Pofika madzulo amayi makumi atatu ndi mmodzi anali atapimidwa, ndipo awiri analandira makalata opita ku Bindura. Mmodzi wa iwo, mayi wa ana aang'ono, anayamba kufunsa mwamantha kuti akafika bwanji kumeneko yekha.

"Simupita nokha," anatero Zelesi. "Lachiwiri ndikudzerani, tikwere limodzi kombi."

Kenaka anauza onse amene anatsala: "Khansa ya m'bere si ufiti, si chilango, ndipo ikapezeka msanga imachizika. Musadikire ululu. Dzipimeni mwezi uliwonse, mukaona chachilendo pitani kuchipatala, ndipo mnzanu akamaopa, musamuseke kapena kumuopseza. Muperekezeni."