Mboni za Malemu Josiah

Phulusa la moto wa maliro linali lisanawoledwe pabwalo pamene Boyd anapeza zikhomo zinayi zopaka penti yofiira m'munda wa atate ake. Anazula chimodzi n'kupita nacho kwa amayi ake, a Ennie, omwe ankatsuka mbale zobwereka kutchalitchi kuseri kwa nyumba.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

A Ennie anangochiponyera diso n'kubwerera ku mbale zawo. "N'za a Abraham. Akuti munda ndi wawo, pamodzi ndi pano pali nyumba. Apeza munthu wa ku Chipata wofuna kumangapo malo ogona alendo."

"Atate tawaika Lachiwiri. Lero ndi Lachisanu!"

"Tsitsa mawu, alendo sanachoke onse."

Malemu a Josiah, atate ake a Boyd, sanali mbadwa ya kuno ku Jumbe. Anachokera ku Lundazi ali mnyamata, atalembedwa ntchito ya usikauti ku Gemu, yolondera nyama za m'nkhalango. Anthu a m'chigwa samukonda sikauti, ndipo zifukwa ali nazo. Koma a Josiah sankasowa pamaliro, sankasowa pofolera denga la mnzawo, ndipo njovu zikalowa m'minda ankafika asanaitanidwe. Mapeto ake mkulu wina wa m'mudzimo, amene anabereka a Abraham, anawalozera tchire m'mbali mwa msewu, nati, "Lima apa." Pepala panalibe. Ndani akanalembera pepala tchire la minga ndi anyani? Lero msewu wa ku Mfuwe uli ndi phula, masitolo akukwawa kuchokera pamsika, magetsi afika, ndipo tchire lija akulitcha mapuloti. Ngakhale amene sanagwirepo khasu akumbukira mwadzidzidzi malo a makolo awo.

A Ennie analibe kwina kopita. Ku Lundazi anachokako zaka makumi atatu zapitazo, ndipo abale awo onse anatha.

Boyd ankagulitsa simenti m'sitolo ina ku Chipata, ndipo m'tauni anaphunzira kuti mlandu amawina ndi amene ali ndi mboni zambiri. Anavala nsapato kuti ayambe kuyenda khomo ndi khomo.

"Usiye, mwana wanga," anatero amayi ake. "Tipite awiri tikawagwadire a Abraham mwakachetechete. Mwina atisiyirako mbali ya nyumba."

"Tigwade pa chinthu chathu? Mudzi wonse unkawakonda atate."

"Chimenecho ndiye ndikuopa."

Boyd anaganiza kuti ndi chisoni chikuwayankhulitsa. Anayenda Loweruka ndi Lamlungu, ndipo palibe anamukana. Ena ankalira asanamve n'komwe chimene wabwerera.

Lolemba m'mawa a Gideon, nduna yochokera kunyumba ya mfumu, anafika panjinga kudzaweruza mlanduwo, n'kukhala pampando pansi pa mtengo wa mango m'mundamo. A Abraham anabwera okha, chipewa chili m'manja, maso ali pansi. Kumbuyo kwa Boyd kunakhala anthu khumi ndi anayi.

Oyamba kuimirira anali a Silas, mnzawo wa malemu wa m'kwaya.

"Ine ndinalipo tsiku limene Josiah ankadula mtengo woyamba pano," anatero. "Sate-wani yiyazi, zaka makumi atatu ndi chimodzi, walima munda uno, osakangana ndi munthu. Ndipo ulemu wake! Akakolola, asanadyeko n'komwe, thumba loyamba ankanyamula yekha kupita nalo kwa atate a Abraham. Iwo atamwalira, ankapita nalo kwa Abraham yemweyu. Ndikunama, Abraham?"

"Simukunama," anayankha a Abraham motsitsa.

Mayi Susan, oyandikana nawo munda, sanadikire kuitanidwa. "Chaka chija njovu zinatha minda yonse, a Josiah sanakolole ngakhale chitsononkho. Anakagula chimanga pamsika kuti thumba lisalephere kupita. Ana ake ankagona ndi phala. Munthu wotere mungamulande munda?"

Anthu anavomereza ndi kubuula. Boyd anatembenuka monyadira kuti aone amayi ake, koma iwo anali ataphimba nkhope ndi chitenje.

A Gideon anakanda ndevu. Sanali munthu wankhanza, ndipo anafunsa ngati wosafuna kumva yankho.

"A Silas, thumbalo linali la chiyani?"

"Lothokozera munda."

"Chaka chilichonse?"

"Sanaphonyepo. Funsani aliyense pano."

Anawafunsadi, mmodzimmodzi. Aliyense anavomera mokondwa, ena akuwonjezerapo zawo, poganiza kuti akumuveka mnzawo ulemu. Pofika mboni yachisanu ndi chiwiri, Boyd anali atazindikira kumene mafunsowo ankalowera.

"Abale anga," anatero a Gideon, "mwambo mukuudziwa. Munthu akapatsidwa malo kuti akhale ake, amathokoza kamodzi, nkhani n'kutha. Amene amapereka chaka ndi chaka amakhala akuvomereza kuti malowo ali ndi mwini wake. A Josiah anabwereka, ndipo iwo eni sanaiwale. Mwanena ndinu, si ine."

Anagamula kuti munda ubwerere kwa a Abraham, ndipo a Ennie akhale m'nyumbamo mpaka mvula yoyamba. A Abraham anayesa kunena za ana awo amene ali pasukulu, koma palibe anawamvera. A Silas anakhala pansi pamzere, atagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

Masana mayi ndi mwana anatsala awiri pakhonde. Boyd anali ndi mkwiyo wosowa pouika, ndiponso manyazi.

"Munkadziwa," anatero.

"Ndinkadziwa."

"Nanga atate? Sankaona kuti akutipachika?"

"Ndinawauza chaka chimene phula linafika. Ndinati siyani thumbali, litidya. Anandiyankha kuti sangadutse pakhomo la anthu amene anawalandira ali mlendo ngati sakuwadziwa."

A Ennie anadzuka n'kulowa kuchipinda. Boyd anamva chinthu chikukokedwa pansi. Amayi ake anatuluka chafutambuyo, akukoka thumba la chimanga losokedwa bwino kukamwa ndi luzi. Masokedwewo Boyd anawazindikira, anali a atate ake.

"La chaka chino," anatero a Ennie akupuma mwabefu. "Anatonola okha akutsokomola. Atagonekedwa kuchipatala ndinalibisa kunsi kwa bedi. Kawiri konse anandifunsa ngati lafika kwa a Abraham. Kawiri konse ndinati lafika."

Misozi inatsika, koma sanaipukute.

"Amayi, anthu atilanda munda lero lomwe. Mukufuna tiwapatsenso chimanga?"

"Munda wapita kale. Koma atate ako anatseka maso akukhulupirira mawu anga. Tenga njinga."

Boyd anayang'ana thumbalo. Kenako anawerama, nalikweza pakaliyala, amayi ake atagwira chiwongolero kuti njinga isagwe.